Tikambirane za Ana: Kodi masanje ndi kutaya nthawi?

Mwezi uno ndasankha makalata anayi ochokera kuno kwathu kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Onse akufunsa za ana akamasewera moyerekeza akuluakulu. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

NDIKULIPIRA KUTI AZISEWERA?

Mayi aphunzitsi,

Ndimagwira ntchito yodula nzimbe, ndipo ndalama sindiipeza mophweka. Mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi ndinamulembetsa kusukulu ya mkombaphala yolipira. Tsiku lina nditaweruka msanga ndinapita kukamutenga. Ndinapeza ana onse ali pansi pa mtengo wa nimu, wina akugulitsa miyala, wina wagona pamkeka ati akudwala, wangayo wamanga kansalu kumutu ati ndi nesi. M'kope mwake mulibe kanthu, mizere yokhotakhota basi. Mwana wa mnzanga amene amapita kusukulu ina akutchula A mpaka Z, ndipo akuwerenga mpaka 50 m'Chingerezi. Masanje angathe kuchita kunyumba kwaulere. Ndikufuna ndimusamutse koma mayi ake akukana. Akulakwa ndani?

Bambo wodandaula, Nchalo

Bambo, ndikuthokozeni kaye chifukwa chopita nokha kusukuluko ndi kutsegula kope la mwana. Abambo ambiri amathera pa kulipira. Ndalama ya m'munda wa nzimbe imabwera ndi thukuta, ndipo simukulakwa kufuna kuona chimene ikugula. Koma pankhani iyi ndikugwirizana ndi amayi akunyumba.

Ndaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 kwa zaka zambiri, ku Ngabu ndi kutsidya ku East Bank, mpaka kupuma. Ana obwera akudziwa kale kuimba A, B, C ndawalandira ochuluka. Kanyimbo kameneko mwana aliyense amakagwira msanga, ngakhale amene sanapondeko ku mkombaphala. Chimene chimagwetsa mwana m'kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi ali mmodzi, ndi china. Sangathe kumvetsera malangizo mpaka kumapeto. Sangadikire kuti mnzake amalize. Chikamuvuta amayankha ndi misozi kapena chibakera chifukwa mawu alibe. Ndipo sanagwirebe mfundo yoti kanthu kolembedwa pabolodi kakuimira chinthu china. Zonsezi mwana wanu anali kuziphunzira pansi pa nimu paja.

Taganizirani miyala ija. Mwana akaiunjika nkunena kuti "uyu ndi tomato, mulu K200", maso ake akuona mwala, dzanja likumva kulemera kwa mwala, koma mutu wagwira tomato, ndipo sumutaya mpaka masewera atatha. Anzake nawonso avomereza. Wina akauponya mwalawo amakalipiridwa kuti waphwanya malonda a eni. Kuwerenga kumayambira pomwepa. Chilembo cha m ndi kamzere chabe, koma tinagwirizana kuti kaziimira liwu loyamba la "mayi". Nambala ya 3 si mbuzi, koma imaimira mbuzi zitatu zomwe zili kutali kubusa. Mwana amene wazolowera kuti tsamba la nimu ndi ndalama ndipo chitsekerero cha botolo ndi chenji, sadzadabwa mphunzitsi akadzamuuza kuti kamzere aka kakuti "a". Katswiri wa maganizo a ana wa ku Russia, Lev Vygotsky, amene anamwalira mu 1934, anafotokoza za mwana wokwera ndodo nkumati ndi hatchi. Iye anati apa mpamene mwana amayamba kulekanitsa tanthauzo ndi chinthu chimene maso akuona. Kuno hatchi tilibe, koma phesi la mapira limasanduka njinga ya kabaza tsiku ndi tsiku, ndipo wokwera amalipira.

China chimene ine ndimachiona chachikulu ndi ichi. Anthu amayesa kuti pamasanje mwana amachita zilizonse zomwe wafuna. Ayi ndithu. Pamenepo pali malamulo okhwima, ndipo owalondera ndi ana okhaokha. Nesi sangasiye wodwala nkuthamangira kukatola masawu. Wodwala sadzuka asanabayidwe jakisoni, ngakhale nyerere zikumuyenda m'miyendo. Wogula salanda, amadikira pamzere. Mwana yemwe kunyumba sakhazikika ngakhale pang'ono, pamasewera amadzigwira yekha popanda womuopseza ndi chikwapu, chifukwa akufuna masewera asathe. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri ena a ku Russia komweko anayesa zimenezi. Anauza ana kuti aime chilili osasuntha, ndipo anawo sanachedwe kuyamba kugwedezeka. Atawapatsa udindo wa mlonda m'masewera, ana a misinkhu yomweyo anaima nthawi yaitali kwambiri. Yesani nokha madzulo ano. Muuzeni mwana wanu aime pakhomo osasuntha, muone. Kenako muuzeni kuti iye ndi mlonda wa pageti, inu ndinu thalakitala ya nzimbe, musalowe asanakutsegulireni. Kudzigwira kumeneku nkomwe kudzamukhazike pansi mphunzitsi akadzatembenukira kubolodi.

Ndiye pali pakamwa. Tsiku lina mudzaime kuseri, mudzamvetsere nesi wanuyo ali pantchito. Mudzamva zonga izi: "Mayi, mwanayu wayamba liti kutentha thupi? Nanga bwanji mwachedwa kubwera naye? Awa mumupatse m'mawa ndi madzulo, akatha kudya." Kodi inu anakulankhulanipo mawu ataliatali chotero? Kwa inu amangoti "ndikufuna madzi". Udindo umene wavala umamukakamiza kukumba mawu omwe anawamva kusikelo, kufunsa mafunso, ndi kusanja nkhani kuti ichi chiyambe, icho chitsatire. Mwana wodziwa kusanja nkhani ndi pakamwa ndi amene amadzamva nkhani ya m'buku. Musaiwalenso kuti ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, pomwe mabuku a Sitandade 1 ndi a Chichewa ndi Chingerezi. Ndaona kambirimbiri mwana amene m'kalasi amangoti duu kuopa kusekedwa, koma panja akakhala "mphunzitsi" wa anzake Chichewa chikutuluka bwinobwino, nkumaponyamo ndi tiChingerezi. Akakhala "agogo" wabwerera ku Chisena. Pamasewera palibe womudula mawu kuti walakwitsa.

Ngakhale kukangana kwawo kuja, "iwe ukhale wodwala", "ayi, dzulo ndinali ine", musakuone ngati phokoso chabe. Pa msinkhu wa zaka zinayi mwana amayamba kuzindikira kuti mnzake ali ndi maganizo akeake osiyana ndi ake, ndipo akapanda kugonjako pang'ono atsala yekha.

Tsono mfundo yanu yoti masanje angachite kunyumba kwaulere ili ndi nzeru, sindiitaya. Masanje paokha saphunzitsa zilembo. Pafunika munthu womuonetsa mwana kuti dzina lake limayamba ndi chilembo chiti. Ndipo pali sukulu zina zomwe zimangotayirira ana panja nkumati akuphunzira kudzera m'masewera. Choncho pitaninso tsiku lina osawauza, mukakhale pambali kanthawi. Kaoneni kumene kuli mlezi. Ngati wagwada pakati pa ana, akugula nawo tomato, akufunsa kuti "milu iwiri ndi zingati, nanga chenji changa chili kuti", ndalama yanu ikugwira ntchito. Funsaninso ngati tsiku lililonse pamakhala nthano, nyimbo, buku la zithunzi ndi nthawi yojambula. Koma mukapeza mlezi ali patali maso ali pafoni, ana akulimbirana okha, dandaulo lanu nloona, ndipo mukalankhule ndi mwini sukulu.

Za mizere yokhotakhota ija, mufunseni mwiniwake kuti walemba chiyani. Musadabwe akakuuzani kuti ndi mankhwala a odwala ake. Ndiye kuti wadziwa kale kuti cholembedwa chimanyamula uthenga, ndipo zala zake zikuzolowera pensulo. Sitandade 1 amayamba ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka ziwiri zatsalazi nzokwanira. Inu mukaweruka, ngakhale mwatopa, gonani pamkeka mukhale wodwala wake kwa mphindi khumi. Mupatseni kope lakale likhale buku lanu la kuchipatala. Mutengereni katoni, mulembepo ndi khala kuti CHIPATALA iye akuona, mukutchula chilembo chimodzichimodzi. Pakutha pa mwezi adzayamba kukulozerani "ch" yemweyo pa zikwangwani za pamsika wa Nchalo.

AMASEWERA MADZI OSEFUKIRA NDI MALIRO

Aphunzitsi,

Kwathu ndi ku Makhanga, koma panopa tikukhala ku Bangula kwa makolo a amuna anga. Nyumba yathu inapita ndi madzi usiku nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo tinakhala kukampu miyezi ingapo. Mwana wanga wamwamuna anali ndi zaka zitatu. Mpaka lero masewera ake ndi a madzi. Amaumba tinyumba tadothi, kukumba kangalande, kenako nkuthira madzi ndi chikho uku akukuwa kuti "Thawani! Thawani!" Chigoba cha malambe ati ndi bwato. Nthawi zina amandandalika anzake nkumawalemba mayina ati akulandira ufa. Sabata yatha anakwirira chidole nkumaimba nyimbo ya maliro. Apongozi anamukwapula, ati akuitana tsoka pakhomo. Mtima ukundiwawa koma ndili pamudzi pa eni. Kodi mwanayu mutu uli bwino?

Mayi wa ku Bangula

Mayi, pepani ndi zonse zimene mwadutsamo. Pa zomwe mwalembazi, mwana wanu akuchita zimene ana ambiri amachita akaona zoopsa. Atapita madzi a Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, ife osamala ana kuchigwa kuno tinaona tinyumba tadothi tikukokoloka m'mabwalo a sukulu ndi m'makomo.

Ife akulu tikaona zoopsa timakamba. Mumafotokozera mnzanu pamjigo, mumafotokozanso kutchalitchi, mpaka nkhaniyo imayamba kupepuka. Mwana wa zaka zitatu analibe mawu usiku umenewo. Ananyamulidwa mumdima, anamva kukuwa, anaona nkhope zanu zili ndi mantha, ndipo panalibe mpata woti wina amufotokozere. Tsopano akuikamba nkhaniyo ndi manja. Taonaninso kusiyana kwake. Usiku uja mphamvu zinali ndi madzi, koma lero chikho chili m'dzanja lake. Iye ndiye akuti madzi abwere, iye ndiye akuti aleke, iye ndiye akutumiza bwato. Akamalemba mayina wakhala wopereka, osati wodikira pamzere padzuwa. Kumukwapula sikuchotsa chimene chili mumtima mwake. Kumangomuphunzitsa kuti azichibisa, ndipo chobisika chimatulukira m'tulo.

Akayamba masewerawa khalani pafupi ndi ntchito yanu, kaya mukusenda mbatata kaya mukusankha mpunga. Musamulamule mathero a nkhani. Mungofunsa pang'ono: "Ndiye kenako chinachitika nchiyani?" "M'bwatomo muli ndani?" "Anthuwa akagona kuti lero?" Akakufunsani zoona, monga ngati madzi adzabwerenso, musamunamize kuti sadzabwera. Muuzeni kuti mvula ikachuluka akuluakulu amamvera wailesi ndi kuchenjezana, ndipo inu mukudziwa kumtunda kothawira. Masewera omwewa mungaphunzitsirepo zothandiza: dzina lake lonse, mayina enieni a bambo ndi mayi ake, dzina la mudzi ndi la mfumu. Ana ena anasochera m'makampu chifukwa ankangodziwa kuti mayi awo ndi "amayi".

Pali zoti muziyang'anira. Ngati nkhani yake imasintha, lero bwato lafika, mawa amanga nyumba pachulu, ndipo akatha amasamba m'manja nkukadya kapena kukasewera mpira, musade nkhawa. Koma ngati ndi chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse, nkhope ili gwa, osasangalala, ndipo sangathe kusiya; ngati akulota zoopsa kawirikawiri, wayambanso kukodza pogona atasiya kale, sakufuna kukusiyani ngakhale pang'ono, kapena amanjenjemera mitambo ikangoda, ndipo zimenezi zatenga masabata ambiri, pitani naye kuchipatala mukafotokoze zonse monga mwandilembera. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu ingakulozereninso kwa odziwa kuthandiza ana otere.

Apongozi anu musawayankhe pagulu. Iwonso madzi anawaona, maliro anawaona, ndipo nyimbo imeneyo ikamveka pakhomo pawo imawabaya. Tinakula tikuuzidwa kuti kusewera maliro ndi malodza, ndipo chikhulupiriro chotere sichichoka ndi tsiku limodzi. Kambiranani kaye ndi amuna anu, iwo ndiwo akalankhule ndi mayi awo. Chopempha chikhale chimodzi: chikwapu chileke. Mwanayo mungamuuze mofatsa kuti nyimbo ya maliro imawaliritsa agogo, ndiye akafuna kuika chidole chake m'manda abwere kwa inu, muchitire limodzi kuseri kwa nyumba. Mwina kumeneko mudzamva amene akumuika.

MNYAMATA WOBEREKA CHITSONONKHO

Aphunzitsi,

Ndikulera adzukulu atatu, makolo awo ali ku Blantyre. Wamng'ono ndi mnyamata wa zaka zisanu. Amatenga chitsononkho nkuchibereka ndi kansalu, kuphika nsima yadothi, mpaka kuchisisita kuti chigone. Agogo ake aamuna akuti adzakhala wopepera, aziumba ng'ombe ngati anzake. Komanso ndamva kuti kumasanje nkomwe ana amaphunzirira zolaula, ndiye ndawaletsa onse atatu. Tsopano amangozemba. Ndichite bwanji?

Agogo, Miseu Folo

Agogo anzanga, mdzukulu wanu akutsanzira munthu amene amamuona kwambiri ndi kumukonda, ndipo munthuyo ndinu. Palibe chimene chalakwika. Mawa adzaumba ng'ombe nkuibaya minga ya mthethe kukhala nyanga, mkuja adzakhala dalaivala wa minibasi ya ku Blantyre, mtondo adzabereka chitsononkho chake. Alongo akenso asiyeni aumbe ng'ombe ndi kukoka ngolo ya mapesi. Afunseni agogo aamunawo kuti asodzi akakhala masiku kudambo amawaphikira ndani. Tikamuseka mnyamata lero chifukwa wasisita mwana, tikumuuza kuti kusamala khanda ndi chamanyazi. Ndife tomwe timadzadandaula mkazi wake atagonekedwa kuchipatala, iye osadziwa ngakhale kuphika phala.

Mantha anu achiwiri ali ndi maziko. Tonse amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti masanje a kutali kuthengo, osakaniza anyamata akuluakulu ndi tiana, nthawi zina ankathera poipa. Koma kuletsa kwabala zomwe mwaziona kale: akuzemba, ndipo tsopano ali kumene diso lanu silifika. Abwezeni pakhomo. Apatseni malo awoawo pamthunzi, pomwe mungawaone ndi kuwamva muli pantchito, osati m'nyumba yosiyidwa kapena m'munda wa mapira. Azisewera ndi a misinkhu yoyandikana. Mukaona wa zaka 12 kapena 13 akuumirira kukhala "bambo" wa tiana ta zaka zisanu, makamaka akamati masewerawa ndi achinsinsi, lowererani nthawi yomweyo.

Adzukulu onse atatu auzeni momveka, popanda kuzungulira, kuti malo obisika ndi kabudula palibe wololedwa kuwagwira kapena kuwaona m'masewera, ndipo palibe masewera obisira agogo. Ana aang'ono amachita chidwi ndi matupi awo, ndipo mukawapeza akuyang'anana, avalitseni, auzeni modekha, apatseni china chochita. Koma mwana akamaonetsa mwatsatanetsatane zochitika za akuluakulu zomwe msinkhu wake suyenera kudziwa, akamaopa munthu wina wake, kapena akamadandaula ululu kumalo obisika, musamumenye. Mufunseni mofatsa kuti anaziona kuti, ndipo chimene wanena muchikhulupirire. Pitani naye kuchipatala ndi kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ichi nchifukwa chinanso ndimakanira kuletsa masanje. Amatiuza zimene mwana sangatiuze maso ndi maso. Ngati "bambo" wa m'masewera tsiku lililonse amabwera ataledzera nkumenya "mayi", mwanayo sanapeke. Waziona penapake, ndipo mwina ndi pafupi.

TILIBE ZIDOLE

Mayi,

Ndine mlezi wongodzipereka pa CBCC, malo osamalirako ana aang'ono, ya m'mudzi mwathu. Ana amafika 60 tsiku lomwe kuli phala, alezi tilipo awiri. Kumaphunziro anatiuza kuti tizikhala ndi malo a masewera oyerekeza, koma zidole tilibe ndipo komiti ilibe ndalama. Tiyambire pati?

Mlezi, Makhuwira

Mwana wanga, ntchito mukugwirayi ndi yaikulu, ndipo mukuigwira popanda malipiro. Chikwawa inali limodzi mwa maboma oyamba kumene malo otere anayesedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira kale omwe awasunga ndi anthu ngati inu. Paja timati mmera mpoyamba.

Zidole za m'sitolo musazilire. Galimoto yapulasitiki imakhala galimoto basi, ndipo ana 60 adzaimenyanirana mpaka itathyoka. Chigoba cha malambe lero ndi mphika, mawa ndi bwato, mkuja ndi foni ya ejenti wa Airtel Money. Chinthu chosafanana kwenikweni ndi chenichenicho ndicho chimagwiritsa mutu ntchito. Pemphani kholo lililonse libweretse kamodzi: zitsononkho, nsanza zochapa, makatoni, mapesi, dongo, lichero lotha, zikho. Abambo a m'komiti akupangireni sikelo ya ndodo ndi zingwe ziwiri, ana azigulitsana thonje.

Musawaike onse pamodzi. Pansi pa mtengo uwu pakhale msika, pa uwo chipatala, apo padooko pomwe mkeka ndi bwato, ndipo magulu azisinthana. Chitani m'mawa kusanatenthe, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno limapitirira madigiri 40 ndipo mwana wotenthedwa sasewera, amangolira. Inu mukalowa m'masewera tengani udindo waung'ono. Khalani wogula wovuta amene akuti tomato wadula, kapena wokwera bwato amene waiwala ndalama, muone mmene athetsere. Mukaona masewera ayamba kubwerezabwereza, pitani nawo akaone chigayo kapena kusikelo ya ana, mawa lake mudzapeza nkhani zatsopano. Mwana wovutika kuyenda akhale mwini golosale kapena wopalasa bwato, anzake azibwera kwa iye. Wamanyazi mupatseni ntchito yolandira ndalama. Mukaona mwana wopitirira zaka ziwiri amene sayerekeza kalikonse, saloza zinthu, ndipo satembenuka mukamuitana dzina, uzani makolo ake apite naye kuchipatala, akayambe ndi kumuyeza makutu.

Pa zimene makolo abweretse, muzisankha nokha chimodzichimodzi. Njere za masawu ndi za bwemba zisafike kwa ana osakwana zaka zitatu, amaziika m'mphuno ndi m'kamwa. Majumbo apulasitiki, mabatire akale ndi zitini zakuthwa zibwerere. Moto weniweni ayi, nsima yadothi imapsa ndi moto wa pakamwa. Dongo akatape ndi akuluakulu, ana asapite okha kumtsinje kapena kungalande, kuli ng'ona ndi likodzo. Ndipo chimene ndimaopa kwambiri kuno kolima thonje ndi mabotolo a mankhwala opopera. Amaoneka abwino, ali ndi chitsekerero, ndipo mwana adzaliyesa botolo la mkaka wa chidole chake nkulawa. Ngakhale kholo litalumbira kuti lalitsuka, musalilandire. Liboole, ndipo litayidwe monga amanenera alangizi a zaulimi.